Chimangirizo chimene ndinalemba kawiri

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa pa kasukulu ka mishoni kumapiri a kufupi ndi Mvera, ndinalembetsanso maphunziro a pakalata. Ndinali nditatopa ndi sitandade 3, ndipo ndinkafuna satifiketi yoti indikweze. Koleji yake inali kunja kwa dziko lino. Ankanditumizira mabuku ndi mafunso, ine n'kumayankha Loweruka masana ndikatha kuchapa.

Gawo lachinayi linabwera ndi kabuku ka ndakatulo za achinyamata a ku America, zolembedwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha. Funso linali limodzi lokha: fotokozani zimene alakatuliwa akulimbana nazo.

Ndinavutika nako kabukuko. Mizere ina inali yaitali moti mpweya unkandithera ndisanafike kumapeto, ndipo mawu ambiri munalibe mu dikishonale yanga. Nditayamba kutolako tanthauzo, m'pamene mtima unandiwawa. Anthuwa ankadandaula kuti atopa ndi magalimoto, mafiriji ndi ntchito za mu ofesi. Ankafuna kungoyendayenda m'misewu, osameta, osasamba. Bambo anga anapindika msana ndi fodya kuti ine ndipeze ntchito yonga imene iwowa ankailavulira. Ndinaponya kabukuko pamphasa n'kunena ndekha kuti awa ndi matenda a anthu okhuta.

Koma funso linali lisanayankhidwe, choncho ndinakatolanso. Sabata yachitatu, ndikuwerenga kuseri kwa kalasi nthawi ya buleki, ndinaona chinthu chimene chinali chitandiphonya. Kuseri kwa phokoso lonselo kunali mantha. Ankaopa bomba, ankaopa boma lomvetsera zokamba za anthu, ankaopa dziko limene aliyense amavomera chinthu chimodzi, wosavomera n'kumutsekera kuchipatala cha amisala. Pa zimenezo sindinafunenso dikishonale. Ndinalemba masamba asanu ndi limodzi osapumira, ndipo ndinadziwa kuti sindinalembepo chinthu chabwino ngati chimenecho.

Makalata athu ankapita nawo ku positi ofesi ndi ahedi, bambo wachikulire wofatsa, amene ankapalasa njinga Lolemba lililonse. Ndinawapempha kuti andionereko Chingerezi ndisanamate envulopu. Anawerenga tsamba loyamba ali chiimire. Pa lachiwiri anakhala pansi, kenako anatseka chitseko cha ofesi.

"Aphunzitsi, apa mwalemba kuti boma limaopa munthu woganiza payekha."

"Boma la ku America, ahedi."

"Inde, ndaona. Nanga amene amatsegula makalata opita kunja, mukuganiza kuti adzafika pa mawu akuti America?"

Ndinati ndi sukulu chabe, funso sindinafunse ndine. Iwo anavula magalasi n'kundiuza kuti mlamu wawo ali m'ndende ku Dzaleka chaka chachiwiri tsopano, chifukwa cha nthabwala imene ananena pamaliro. "Iyenso ankati ndi nthabwala chabe. Kalata iyi ine sindinyamula. Mukafuna kapititseni nokha, koma dzina la sukulu yanga mulichotsepo."

Ndinatuluka osatsanzika. Masiku awiri ndinkangowapatsa moni wa pakamwa. Koma mayi anga ndi azing'ono anga atatu ankadalira ine, ndipo Loweruka ndinakhala pansi n'kulemba china. Ndinati alakatuliwa amakonda maulendo, mitsinje, nyimbo za malipenga ndi ubwenzi. Bodza munalibe, koma munalibenso kanthu. Ahedi anawerenga, anagwedeza mutu, n'kuika m'chikwama.

Yankho linabwera patatha miyezi iwiri, mvula itayamba. Malikisi anali otsikitsitsa pa onse amene ndinapezapo. Pansi pake mphunzitsi wa kukolejiyo, munthu amene sindinamuonepo, analemba ndi inki yofiira kuti Chingerezi changa n'chabwino, koma ndawerenga ngati wotseka makutu. Anafunsa ngati mkwiyo wonse uli m'ndakatulozo sindinaumve.

Ndinatenga pepala kuti ndimuyankhe, ndimuuze kuti ndinaumva kuposa iyeyo, koma yankho limenelonso likanadutsa pa positi ofesi yomweyo. Ndinapita ku ofesi n'kuwaikira ahedi pepalalo patebulo.

"Mwaona zimene mwandichititsa?"

Anawerenga pang'onopang'ono, n'kundibwezera. "Pepani, aphunzitsi. Koma mawa muli m'kalasi."

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri.

Chimangirizo choyamba chija ndinachisunga pansi pa zovala m'sutikesi kwa miyezi ingapo, kenako ndinachisonkhezera pamoto wa madzi osamba. Pa mayeso otsiriza funso la ndakatulozo linabweranso. Ndinalilumpha, n'kusankha lina la masewero akale, limene ndinali nditangoloweza. Ndinakhoza, koma mwapendapenda, ndipo chaka chotsatira anandipatsa sitandade 7.