Gitala ya Bambo Anga Itanena Zaka Zake

Bambo anga anali ndi gitala ya hawayani, ija amaigoneka pamiyendo n'kumatereretsa kabotolo pa nsambo zake. Atamwalira, mng'ono wawo anatenga zonse: ng'ombe, njinga, mbale, ndi gitalayo. Anathamangitsanso mayi kuti abwerere kwawo ku Katowo ndi ife ana. Zinazo mayi anazisiya, koma gitala anaikadandaulira kwa akulu a mpingo. Kumeneko bambo aang'onowo anaimirira, Baibulo lili m'manja, n'kulumbira kuti ya mkulu wawo inadyedwa ndi chiswe, ndipo iyi anagula yatsopano maliro atapita. Akulu anawakhulupirira. Ine ndinali kale mtsikana wamkulu, ndinamva bodzalo ndi makutu angawa, ndipo ndinalisunga.

Ndinaphunzira, ndinaphunzitsa, ndinapuma pantchito, n'kumanga nyumba ku Bolero komwe kuja anatithamangitsa. Mayi ndinakawatenga. Zaka zonsezi bamboyo ankaliza gitala yathu pa maukwati, mutu ataupendeketsa ngati munthu wosalakwapo. Ndikamva kulira kwake, mtima unkachita kuwira.

Tsiku lina masana kunabwera mzungu wopita ku Nyika. Galimoto yake inaima pa sitolo, ndipo anaona bambo aang'ono akuliza gitala ija pakhonde. Iye anali wokonza magitala kwawo, choncho anafuna kudziwa zaka zake. Chingerezi chinavuta, anthu anathamangira ine kuti ndikamasulire. Abale inu, kuitana ine! Nditafika ndinapeza khamu, ndipo pabenchi panali akulu awiri a mpingo amene anamva lumbiro lija. Ndinangoti mumtima, lero ndi lero.

Mzunguyo anati gitala zotere zikakhala zakale kwambiri, kwawo amazilemekeza. Ndinamasulira mokweza, ndipo mawu akuti "zakale" ndinawatchula kawiri. Maso a bambo aang'ono anawala.

"Muuze, mwana wanga, n'njakale chomene," anatero.

Mwana wanga! Lerotu ndakhala mwana wawo.

"Yewo, adada, ndimuuza," ndinayankha mwaulemu wonse.

Mlendoyo anayamba ndi tizitsulo tokungira nsambo. Anati timitu take n'tafupa, osati tapulasitiki, ndipo tachita chikasu ndi ukalamba. Anationetsa timing'alu tating'ono pa vanishi, anati timeneti sitibwera msanga. Ananunkhiza pabowo la pakati. Kapepala ka amene anaipanga kanali katadyedwa ndi mphemvu, choncho anati chaka chenicheni sanganene, koma gitalayo ndi yaikulu kuposa iye mwini, ndipo imvi anali nazo. Chilichonse ndinkamasulira pang'onopang'ono, ndikuyang'ana kubenchi. Bambo aang'ono ankangogwedeza mutu: "Eya, eya, ndi momwemo." Mkulu mmodzi wa mpingo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

Kenako mlendoyo analowetsa kagalasi m'bowo muja, n'kuunika ndi tochi ya foni. Anati m'kati muli mng'alu umene wina anaumata kalekale ndi kansalu koyera ka maluwa. Anafunsa kuti anamata ndani.

Bambo aang'ono anati kukamwa yasaa. Sankadziwa n'komwe kuti muli nsalu.

Apa sindinamasulire, ndinayankha ndekha, m'chinenero choti aliyense amve. Ndinati bambo anga anagwa ndi njinga gitala ili kumsana, ine ndisanabadwe. Mayi anang'amba kansalu pampendero wa diresi lawo la ukwati, bambo n'kumatira. Ndinati diresilo lilipo, lili m'sutikesi kwathu, ndipo amene akufuna akaone pong'ambikapo.

Ndinatembenukira kwa bambo aang'ono. "Adada, tiuzeni. Ndi yakale, monga mwavomera pano anthu akumva? Kapena ndi yatsopano, monga munalumbira Baibulo lili m'manja? Mlendoyu akudikira, ndimuuze ziti?"

Bambo aang'ono anangoyang'ana pansi. Kodi ndinawamvera chisoni? Ayi ndithu, ngakhale pang'ono. Ndinakumbukira mayi akukwera lole ndi kamtolo ka zovala, iwo ataima pakhomo pathu manja m'thumba.

Mkulu wa magalasi uja anapita yekha kunyumba kwanga. Anabwera ndi diresi, mayi akutsatira pambuyo ndi ndodo yawo. Anthu anasuzumira pa kagalasi mmodzimmodzi, maluwa ake anali omwewo. Mkuluyo ananyamula gitala pamiyendo pa bambo aang'ono n'kuiika m'manja mwa mayi. Mzungu uja anafunsa ngati tingamugulitse. Zimenezo sindinamasulire n'komwe, ndinangomupukusira mutu.

Ine kuliza sindidziwa, ndipo kuphunzira sindikufuna. Koma njira ya ku tchalitchi imadutsa pakhomo panga. Lamlungu lililonse m'mawa ndimakhala pakhonde, gitala pamiyendo, ndipo ndikawaona bambo aang'ono akubwera atavala jekete lawo, ndimakwecha kabotolo pa nsambo mpaka agalu kuuwa. Iwo amadutsa atazolika.

Mayi amatseka khutu limodzi ndi chala. Tsiku lina ndinawafunsa ngati ndisiye phokosolo.

"Ikulira moipa, mwana wanga," anatero. "Koma kweza, bambo ako aang'ono akumvabe, sanafike pa mtengo wa mango paja."