Manja Osadzola a Mayi Anga

Mayi anga agwira ntchito zaka makumi awiri pafakitale yopanga timapaipi tapulasitiki, toonda ngati tsitsi, tolekanitsa okosijeni ndi mpweya wina. Timapaipiti timadana ndi mafuta; kadontho kamodzi kamatseka timabowo take tosaoneka ndi maso. Ndiye zaka zonsezi mayi sanadzolepo m'manja, mpaka zikhatho zinachita ming'alu.

Sabata yatha bwana watsopano, manja ali noninoni ndi mafuta onunkhira, anagwiragwira mtolo wonse wa timapaipito poonetsa alendo. Mtolowo utakanika kusefa, munthu wopanda manyaziyo anakalipira mayi pagulu: "Ndinu osasamala inu!"

Mpaka lero mtima wanga ukuwira. Koma mayi anangosanjika zikhatho zawo patebulo, pafupi ndi zake, n'kuti, "Bwana, nunkhizani manja anayiwa, mutiuze odzola ndi ati."