Lezala Linagwedera, Mlamu Wanga N'kusamuka

Lolemba m'mawa ndinadzicheka pachibwano. Sikanali kabala koti munthu n'kupita nako kuchipatala, koma magazi anadonthera pakolala ya ovolosi, ine n'kuima ndi thovu kumaso, kuyang'ana chometera ndevu changa ngati galu woweta ndekha amene wandiluma.

Chometera chimenechi muchidziwe kaye. Si izi zapulasitiki zometera kawiri n'kutaya ayi. N'chamkuwa, cholemera m'manja, ndipo chili ndi kachivundikiro kotsegula ndi chala. Mumaikamo lezala lakuthwa mbali imodzi, lija la msana wokhuthala. Kutsogolo kwake kuli timano tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, togwira lezala kuti lisasunthe. Malemu bambo anga anachigula kuno ku Joni akugwira ntchito m'migodi, n'kupita nacho kwathu ku Ntcheu. Ine pobwera kuno ndinachinyamula. Tingoti chinabwerera kwawo.

Zaka zonsezi sichinandichekepo. Koma tsikuli nditachigwedeza pafupi ndi khutu ndinamva lezala likusewera m'kati.

Ntchito yanga ndi ya zitsulo, ndimawotcherera mageti ku Silverton, ndiye sindinavutike kuona vuto. Kadzino ka kumanzere kanali katapindikira kunja. Awerengi anga, chitsulo sichipindika ndi mphepo. Chometeracho chinagwa pasimenti. Ndipo amene anachigwetsayo anachitola, kuchipukuta bwinobwino, n'kuchibwezera m'kachitini kake pashelefu ngati palibe chachitika.

Ndani?

M'chipinda chimene timachita lendi ku Mamelodi, kuno ku Pitoliya, timakhalamo atatu. Ine, mayi a Tadala akazi anga, ndi mchimwene wawo wamng'ono, Limbani, amene wangobwera kumene kuchokera kumudzi kudzafuna ntchito. Iyeyu amagona pamatiresi kuseri kwa katani, pafupi ndi stovu. Anafika ndi ndevu ngati za tonde. Loweruka lapitali, tsiku limene anapita kukayesa mwayi kufakitale ina ku Rosslyn, chibwano chake chinali see, ngati dzira.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Wanga anabwera wopanda kalumo, ndipo kanga kanayamba kugwedera.

Mwina mukuti, aaa, nkhani yake yomweyi? Dikirani. Lezala sabwerekana, zimenezi tinaphunzitsidwa kalekale, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Komanso bambo anga ankati ndevu zako ndi chometera chako usazisiye m'manja mwa munthu wina, ngakhale m'bale. Ine ndine wa mpingo, za mankhwala sindizikhulupirira kwenikweni. Koma mawu akuti kwenikweni ali ndi kamphako kake, ndipo maganizo amalowera pomwepo.

Madzulo tikudya ndinaponya nyambo.

"Alamu, mwameta bwinotu. Munameta kuti?"

"Kwa Che Jafali, alamu, parenki pa matakisi paja."

Anayankha msanga kwambiri. Munthu wosalakwa amayamba waganiza kaye, kapena amafunsa kuti bwanji. Iyeyu yankho linali kale pamlomo. Mayi a Tadala anandiyang'ana ndi diso lija limatanthauza kuti idyani mwakachetechete.

Lachiwiri ndinapita nacho kuntchito chometeracho. Nthawi ya lanchi ndinachiviika m'madzi ofunda, n'kuchotsa sopo yense wouma ndi mswachi wakale. Ndinatenga kapulayazi kakang'ono, kukulunga milomo yake ndi kansalu kuti ndisakande mkuwa, n'kuyamba kubweza kadzino kaja. Mkuwa wakale sufuna ukali. Ukaukakamiza umathyoka, ndipo chitsulo chotere sungapite pashopu n'kukagula chinzake. Ndiye ndinkangokankha pang'ono, kuikamo lezala, kuyesa, kuchotsa, kukankhanso. Kenako ndinakweza pang'ono kasipuling'i ka m'chivundikiro, kamene kamapanikiza lezala ndi msana. Nditatseka n'kugwedeza, kunali zii.

Nkhani ikanathera pomwepo. Chometera chachira, chibwano chikupola. Koma lezala litasiya kugwedera, mtima unapitiriza.

Lachitatu poweruka ndinatsika takisi parenki n'kulunjika kwa Che Jafali. Awa ndi bambo a ku Mangochi, amameta anthu m'katenti ka buluu, ndipo Amalawi ambiri a kuno amadutsa pampando wawo. Ndinapeza anthu angapo pabenchi akuseka nkhani za mpira.

"Che Jafali, zikuyenda?"

"Alhamdulillah, achimwene. Khalani pamzere."

"Ayi, sindimeta. Ndimangofuna kufunsa. Loweruka kunabwera mnyamata wina kuno, wamtali, woderako, wa ku Ntcheu, wangobwera kumene?"

Makina ometera anazima. Kuseka pabenchi kunatha. Mnyamata wina amene anali kumapeto anaimirira n'kumapita osatsanzika.

"Wangobwera kumene," anabwereza mawu anga Che Jafali, pang'onopang'ono. "Inu mukumufuniranji?"

"Ndi mlamu wanga."

"Mlamu wanu mukudzamufunsa kwa ine? Simugona nyumba imodzi?"

"Timagona nyumba imodzi, koma..."

"Achimwene, ine ndimaona mitu, sindiona nkhope. Wakutumani ndani?"

Ndinatulutsa chometera chija kuti ndifotokoze. Ndinayamba kunena za kadzino kopindika, za simenti, za malemu bambo anga. Ndikulankhula choncho ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza lophika mothamanga. Munthu wamkulu, wa ovolosi, kutsika takisi kudzafufuza munthu wopanda mapepala, chifukwa cha lezala? Ngakhale ine sindikanakhulupirira.

"Eish, madala," anatero wina pabenchi, "pitani bwino."

Ndinapita. Ndipo m'njira monse ndinkati, ngati Limbani anametadi kumeneko, Che Jafali akanangoti eya, chikanavuta n'chiyani? Akubisa chiyani?

Lachinayi pobwera kuntchito ndinapeza katani yatsegulidwa, matiresi apindidwa, chikwama cha Limbani palibe. Mayi a Tadala anakhala pabedi, manja pamiyendo, stovu yosayatsa.

"Bambo a Tadala, munakatani kwa Che Jafali?"

"Ndinangokafunsa."

"Mwana uja masiku a m'pasipoti mwake anatha, inu mukudziwa. Amuimbira foni kuti alamu ako akukufufuza parenki, akufunsa za anthu obwera kumene. Iye aganize chiyani? Wati mwatopa naye, mukufuna mumugwiritse kwa apolisi kuti chipinda chipepuke."

"Ine? Kugwiritsa mlamu wanga? Munthu amene ndinakamuchingamira ndekha pasiteshoni ya mabasi ku Bosman?"

"Nanga bwanji simunamufunse maso ndi maso kuti alamu, mwagwira chometera changa? Bwanji simunandifunse ine?"



"Munachigwetsa ndinu?"

"Sindinatero. Ndati simunandifunse."

Mpaka lero yankho limenelo ndikulitembenuzatembenuza, ndipo silikundikhalira bwino.

Koma tiyeni tisiye za m'nyumba mwanga, tikambe za ife tonse. Kodi Amalawi a ku Joni kuno tinayamba liti kuopana chonchi? Mukakumana ndi mnzanu wa mudzi umodzi m'takisi n'kumufunsa kumene akugwira ntchito, amati, "Chakuno ku Centurion." Centurion yake iti? Ndi mzinda wathunthu umenewo. Satchula msewu, satchula geti, kuopa kuti mawa mukagogoda kwa abwana ake n'kunena kuti inu mutha kutchetcha kapinga yemweyo pamtengo wotsika. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba akadwala amalolera kupita akutsimphina kusiyana n'kutumiza mnzake kuti akamugwirire, poti wogwirizira uja mwina sadzachokako. Wina akagula kagalimoto, timati wakhwima. Wina akagwidwa n'kutumizidwa kumudzi, sitifunsa kuti ana ake adya chiyani. Timayamba ndi kufunsa kuti wamuneneza ndani.

Ndipo choipa kwambiri n'chakuti manthawa sanagwe kumwamba. Alipo anthu amene analandidwadi ntchito ndi anzawo apamtima. Alipo amene analozeredwadi zala ndi munthu wodya naye mbale imodzi. Che Jafali sanalakwe kuzimitsa makina. Ine ndikanakhala pabenchi paja, munthu wosamudziwa n'kubwera kudzafunsa za wobwera kumene, ndikanakhala woyamba kuimirira.

Vuto lili apa. Tonse tikuteteza china chake, ndipo aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Ine ndimateteza chibwano changa ndi chokumbukira bambo anga. Che Jafali amateteza anthu awo. Limbani amateteza ufulu wake woyenda mumsewu. Palibe amene ananama poyera, palibenso amene ananena zonse. Chotsatira chake, mnyamata amene sadziwa ngakhale kuti takisi yopita kutauni imaimitsidwa pokweza chala chiti ali kwinakwake m'Pitoliya muno ndi chikwama kumsana, akuthawa munthu yekhayo amene akanamuthamangira atagwidwa.

Kwathu munthu ukamukayikira umamuitanira ankhoswe kapena malume, nkhani n'kukambidwa pakhonde mpaka itapsa. Kuno khonde kulibe. Kuli mafoni, ndipo nkhani ikalowa m'foni imafika kutsidya itamera nyanga.

Ndamuimbira Limbani kangapo. Foni imalira, sayankha. Ndinamutumizira uthenga wa mawu, kufotokoza zonse kuyambira pa kadzino kaja. Zikuonetsa kuti anaumvera. Sanayankhe.

Dzulo apongozi anga anaimba kuchokera ku Ntcheu. Anandipatsa moni mwaulemu wonse, kufunsa za ntchito, za kuzizira kwa kuno, kenako anati, "Tapatsirani mkazi wanuyo." Anakambirana panja, chitseko chotseka. Atalowa ndinafunsa.

"Mayi a Tadala, mwana uja wapezeka?"

"Ali bwino. Wapeza pogona, ndipo ku Rosslyn kuja amuitana ayambe Lolemba."

"Zikomo Ambuye. Ali kuti? Ndipite ndikamuone, tikambirane ngati amuna."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, mkazi amene ndakhala naye zaka zonsezi, amene ndinamutumizira thiransipoti kuti anditsatire kuno.

"Amayi anati ndisakuuzeni."

Ndipo sanandiuze. Tsono ndikufunseni inu amene mukuwerenga muli m'takisi kapena pa lanchi kuseri kwa nyumba ya abwana: mutagwidwa lero masana pamsewu, ndi Mmalawi uti amene angadziwe koyambira kukufunani, popeza nonse munabisirana kumene mumakhala?