Tiyi wa M'makina a Primrose

Ku Ruda kulibe amene sadziwa mphuno ya a Jaison Chikopa. Sikuti ndi yayikulu ayi, ndi kamphuno wamba, koma kanadyetsa banja zaka makumi atatu ndi zinayi. Bambo awo anachokera ku Mulanje kudzathyola tiyi, iwo n'kubadwira m'komboni ya pa esiteti, n'kulowa fakitale ndevu zisanamere. Anawaika pa dilaya, chimakina choumitsira tiyi chija, ndipo mpamene mphuno inatchukira. Anzawo ankadalira zoyezera kutentha, koma iwo ankangokoka mpweya n'kukuwa kuti, "Chepetsani moto, tiyi akupserera!" Mabwana akathamanga kukayeza ankapeza kuti n'zoona.

Chaka chatha anawapumitsa ntchito. Anawapatsa wotchi yapakhoma, n'kuwaombera m'manja, basi kwatha. Munthu amene ankadzuka tambala asanalire anayamba kumangozungulira pabwalo, kukangana ndi nkhuku.

M'masiku omwewo mwana wawo Primrose, amene amagwira ntchito ku Cape Town, anatumiza makina oumitsira zovala. Anachita bwino mwanayo, chifukwa kuno ku Honde guti akayamba, kamvula kamawawa kaja, chovala chimatha sabata pachingwe n'kuyamba kununkha nkhungu. Akazi awo a Jaison, mayi Yunike, anawalukira kansalu kapamwamba makinawo, ndipo amayi onse a Mvano kutchalitchi anayamba kudzaumitsira mayunifolomu awo pomwepo.

Tchimo la a Jaison linayamba Lachinayi lina mayi atapita ku Mvano. Anaima n'kumayang'ana ng'oma ya makinawo ikuzungulira, mpweya wotentha ukutuluka kumbuyo, mtima n'kuwauza kuti ameneyu ndi mdzukulu wa dilaya. Kuseri kwa nyumba ali ndi timitengo ta tiyi makumi awiri. Sabata yotsatira anathyola nsonga, kuzifwafwaza pamkeka, kuzisinja mumtondo, kudikira mpaka zitafiira, n'kuzimanga m'pilokesi. Kenaka anachita zomwe munthu wa fakitale yekha angachite: anachotsa sefa yogwira thonje la zovala, ati mpweya uziyenda momasuka, n'kuponya pilokesiyo m'ng'oma. Tiyi amene anatuluka m'menemo, abale! Anavina okha m'khitchini, dazi lili thukuta kamukamu, galu akuwayang'ana pakhomo.

Anachita zimenezi Lachinayi lililonse, kasanu, n'kumapukuta m'ng'omamo ndi kubwezera sefa mayi asanafike. Ulendo wachisanu ndi chimodzi mfundo ya pilokesi inamasuka. Anatola zomwe anaona, zina mpweya unali utapita nazo kale. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'mawa mwake, Lachisanu, guti ali pa tsiku lachisanu ndi chinayi, kunafika mayi Tecla, wapampando wa Mvano, atasenza beseni la mabulauzi oyera khumi ndi limodzi, onse ali chonyowa. Loweruka kunali msonkhano waukulu wa amayi ku Hauna. Anaponya m'makina, kutembenuza batani, ng'oma n'kuzungulira ola lathunthu. Potsegula, mabulauzi ali zii ngati angochoka kumtsinje.

"Maiwe, zvakaoma, zavuta izi!" anatero mayi Tecla akutulutsa foni. "Tiimbire wokonza mafiriji uja wa pa Hauna, abwere ndi kombi ya masana."

A Jaison anaona kuti zaipa. Mlendo akatsegula makinawo apeza tiyi, ndipo dzuwa lisanalowe Ruda yense adziwa zinthu ziwiri: kuti Chikopa walephera kukonza dilaya ya m'nyumba mwake, ndiponso kuti waiononga ndi iye mwini.

"Ikani foni pansi, mayi wapampando," anatero akupinda malaya. "M'nyumba ya ng'anga saitaniramo ng'anga ina."

Anayambira dala kumene ankadziwa kuti kulibe vuto. Anasolola pulagi n'kuiyang'anitsitsa ngati ili ndi mlandu. Anakaona pabokosi la magetsi, zonse zili bwino. Anatsegula chitseko n'kutseka kasanu, kaswichi kake kakulira bwinobwino. Anazungulitsa ng'oma ndi dzanja n'kulengeza mwaulemu wonse kuti lamba sanaduke, ngati panali wina amene ankakayikira. Cholinga chinali choti amayiwo atope achokepo, iwo akutumule payipi mobisa.

"Mai Primrose, kanditengereni tochi kuchipinda."

Mayi Yunike anaitulutsa m'thumba la epuloni.

"Ndi sikuludilaiva, ili m'shedi."

Anaitulutsanso m'thumba lomwelo, nkhope ili phee. Mayi Tecla ndiye anakoka mpando, n'kukhala mochita kuyala chitenje.

Anamasula chitsulo chakumbuyo, n'kuyeza waya wotenthetsa ndi kamita kawo kakale ka kufakitale. Kasingano kanagwedezeka, kusonyeza kuti wayayo ngwamoyo. Ankapempherera kuti akhale wopsa, apeze pothawira, koma ayi ndithu. Pambali pake kabatani kofiira kanali katatumphuka. Kameneko ndi kamlonda: makina akatentha mopitirira, kamadula moto kuti nyumba isapse. Ndipo makina satentha choncho pokhapokha mpweya ukasowa potulukira.

"Nhai Baba vaPrimrose," anatero mayi Yunike, "mphuno ija nayonso anaipumitsa ntchito? Tanunkhizani, timve."

Anawerama kumbuyo kwa makina. Fungo linawamenya ngati moni wa mnzawo wakale, tiyi wabwino, wouma pamlingo wake, woti bwana aliyense akanamuvulira chipewa. Mtima unanyada.

"Ndili ndi kachimfine," anatero, n'kutsokomola chifuwa choti ngakhale mwana sangachikhulupirire.

Mayi Tecla anayamba kudina manambala. A Jaison anayang'ana beseni la mabulauzi akudontha, n'kuona m'maganizo akazi awo akulowa mu Hauna atavala chonyowa chifukwa cha iwo. Manyazi ndi manyazi, koma amenewo sakanawasenza. Anamasula payipi yotulutsa mpweya, kuikweza m'mwamba pamaso pa onse, n'kuikutumula.

Khuthuu! Thonje la zovala losakanikirana ndi tiyi, mulu wokwana mbale, fumbi lake n'kudzaza khitchini yonse. Mayi Tecla anayetsemula katatu, n'kutola pang'ono, n'kununkhiza.

"Aka ndi tiyi! Sekuru, agogo inu, makina a mwana mwasandutsa fekitari?"

Anaseka mpaka duku kugwa, kugwira khoma, kupukuta misozi ndi bulauzi ya munthu wina. A Jaison sanadzutse mutu. Anapisa waya wokutira kansanza m'payipi monse, kutsuka sefa, kupukuta fani, kubwezera zonse m'malo mwake, n'kudina kabatani kofiira kaja kuti ke. Anayamba aponyamo thaulo lakale lonyowa kuti litole fumbi lotsala. Patapita mphindi zochepa anaika dzanja kukamwa kwa payipi, ndipo mpweya unali kutuluka wamphamvu, wotentha bwino.

Mayi Tecla analulutira, kuponya mabulauzi, n'kutuluka liwiro osafunda ndi ambulera yomwe. Nkhani ngati imeneyi siyiyenera kugona m'mimba mwa munthu mmodzi.

Atatsala awiri, makina akung'ung'uza, a Jaison anakhala pampando uja n'kumayang'ana zala zawo.

"Pepani, Mai Primrose. Ndinangosowa chochita ndi manja anga."

"Mukuyesa ndadziwa lero?" anatero mayi Yunike akusesa tiyi uja. "Ndinadziwa Lachinayi loyamba lomwe. Mashiti anatuluka akununkhira."

"Nanga osanena bwanji?"

Mayi anaimika tsache. "Zaka makumi atatu ndi zinayi munkabwera m'nyumba muno mukununkhira tiyi, m'malaya, m'tsitsi pomwe linalipo, paliponse. Atakupumitsani munayamba kununkhira sopo ngati mlendo, ine tulo osabwera. Tsiku la mashiti lija ndinagona mpaka dzuwa kutuluka. Ndikanati ndinene chiyani? Ndinali nditapeza mwamuna wanga."

A Jaison anapukuta mphuno, ndipo ulendo uno chimfine chinaoneka ngati chenicheni. Mayi anapisanso dzanja m'thumba la epuloni lija, n'kutulutsa kathumba kansalu yolimba kosokedwa kawiri, kokhala ndi zipi.

"Ndinakamaliza Lachitatu, ndimasowa poyambira kukupatsani. Mfundo zanu n'zosadalirika. Koma sefa ija mukadzaichotsanso, ndidzamuimbira ndekha Primrose."

Loweruka amayi khumi ndi mmodzi anakwera kombi ya ku Hauna atayera mbee, ndipo kondakitala anafunsa kawiri konse kuti ndani wanyamula tiyi. Mayi Yunike anangoyang'ana pawindo, kolala ya bulauzi ataikokera kumphuno.