Mwendo wa ba anti Esnart

Mwachoma bwanji abale. Nachokera kuchipatala manje manje.

Ba anti Esnart bapsa mwendo lero m'mawa ku maliketi ya Mtendere. Mbaula inapendama, mafuta a saladi okazingira vitumbuwa onse n'kukhutukira pa mwendo. Banzawo, pofuna kuthandiza, banapakapo mankhwala otsukira mano, dzira laliwisi na shuga.

Kuchipatala takhala pa benchi mpaka dzuwa pamutu, ba nesi bali bokha. Batavundukula chitenje banakalipa, anthu onse akumva: “Uwu ni mwendo kapena keke? Wapaka ivi ndani?”

Ba anti banangoti, “Ndine ndekha, mwanangu.” Sibanafune kutchula banzawo amene anasiya malonda n'kubanyamula.

Kuchotsa vopakavo kunawawa kupambana kupsa kwenikweniko, ba anti mpaka kuluma chitenje. Koma ba nesi bomwewo banagwada pansi, kutsuka pang'onopang'ono, kuuzira bala monga la mwana, “pepani amai” osaleka.

Manje Joseph, mwana wa ba anti, akuti tikadandaule kwa akulu a chipatala chifukwa cha pakamwa paja. Ine chipongwe nachimva, ndipo chandiwawa. Koma ba nesiwo nabaonanso batagwada.

Tikanene chiti, abale?