Mbewa za Yelesani ndi Chigiliki cha aTembo

Lachitatu lapitali Chigiliki chinapulumutsa munthu pasukulu pathu pano pa Petauke. Wochiitana ndinali ine.

Mnzanga Yelesani amai ake anamutumizila mbewa zowamba kuchokela ku Luembe, iye n'kuzibisa m'desiki. Lamulo mukulidziwa: chakudya cha kunyumba m'kalasi ayi. Ndipo ahedi anali atamuuza kale kuti akangolakwanso, akwele basi ya kwawo osabwelanso.

Bambo aTembo, otiphunzitsa za Baibulo, atangolowa anaima chilili, mphuno m'mwamba.

"Chikununkha n'chiyani muno? Tsegulani madesiki nonse!"

Yelesani thukuta kamukamu. Ine dzanja m'mwamba.

"Pepani Bambo, pali chimene chikundisowetsa mtendele. Ija munaitchula tsiku lina, patisipo ya m'Chigiliki, ntchito yake n'chiyani kwenikweni?"

Dziwani kuti aTembo anali ku seminale asanabwele kuno. Chigiliki amachikumbuka ngati chibwenzi chimene makolo anakaniza.

Nkhope yawo inawala. Anatola choko.

"Mwana wanga, amenewo ndi mau a miyendo iwili! Mwendo wina mneni, wina mfotokozi. Amakuuza kuti chinthu chinachitika liti, motani, chifukwa chiyani. Atadya, anagona. Akudya, analankhula. Mau oti wodyayo naonso ndi m'bale wawo."

Anatembenukila kubolodi n'kuyamba kulemba zilembo zopindika ngati nyongolotsi. Kumbuyo kuno mbewa zinauyamba ulendo pansi pa madesiki. Ngakhale Misozi wa kwaya, uja amati sadya za m'mauna, anameza ndi mchila womwe.

Akati acheuke, ine pomwepo: "Nanga ikakhala ya nthawi yakale, Bambo?" Kukamwa kuli tho.

"Funso labwino!" Choko chinayambanso kulila.

Pamene amakumbukila za madesiki, munali mabuku okhaokha.

Musandiyang'ane choncho. Ndalakwa chiyani? Masiku ano amatiimika padzuwa m'mbali mwa mseu, timbendela m'manja, kumvela akuluakulu a chipani akuyankha mafunso amene palibe anawafunsa. Timaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Koma munthu amene ali ndi zinthu zenizeni m'mutu wakhala nafe zaka zonsezi popanda womufunsa kanthu. Ine ndinamufunsa. Munaona nokha mmene ankavinila ndi choko chija! Si chifundo chimenecho?

Yelesani akadali pasukulu, wanenepa. Amene ndapsa ndine. ATembo akauza ahedi kuti apeza mwana wa maitanidwe, ndiye Loweluka lililonse masana, anzanga ali ku mpila, ine ndizikhala pakhonde pawo kuloweza zilembo zija.

Mailo Yelesani wandipeza pampopi. "Abusa, mukatipemphelele m'Chigiliki kuti tikawine."

Munthu woti ndamuombola ndine!

Tsono inu nonse munatafuna nawo, kuphatikizapo iwe Misozi, palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi kafunso ka Chigiliki Loweluka likubwelali?