Telala Amene Ankaopa Kukana Tiyi

A Bonaventure ndi telala wa pakhonde la sitolo ya nsalu ya mayi Laxmi ku Area 2. Anachoka kwawo ku Mitundu ali mnyamata, makina osokera ali pamutu, ndipo imvi zawamerera pakhonde pomwepo. Zilonda za m'mimba zinawazunza mpaka kusanza magazi, madokotala n'kuwadula mbali ina ya chifu.

Atabwerera pantchito, eee, kunayamba zachilendo. M'mawa uliwonse mayi Laxmi ankawabweretsera okha tiyi wamkaka, shuga wake wochita kumata milomo, ati munthu abwerere thupi. Akangomwa, posakhalitsa thukuta kamukamu, mtima thithithi, manja njenjenje, mpaka kugwera pamakina. Anthu a m'tauni pakamwa sipachedwa: "Madala ayamba kachasu!" Azimayi anayamba kudzatenga zitenje zawo zisanasokedwe.

Dokotala anawauza mosapsatira kuti vutoli limagwira ena mwa ochitidwa opaleshoni yotereyi: chakudya, makamaka chotsekemera, chimathamangira m'matumbo. Azidya pang'onopang'ono kangapo patsiku, shuga asiyiretu.

Kunyumba anasiyadi. Koma pakhonde? Munthu wakubweretsera kapu ndi manja awiri, iwe ukusokera pakhonde lake, ungati "ayi"? Kwawo sanaleredwe choncho. Ankalandira, kuthokoza, kumwa, n'kugwa. Ulemu winawu ngwakupha, ndithu!

Tsiku lina anagwa diresi la mkwatibwi lili m'manja. Mayi Laxmi anadikira kuti atsitsimuke.

"A Bona, zamowa pakhonde langa ayi. Mwezi ukatha mupeze kwina."

Mantha anawagwira, manyazi nawonso. Khondelo likapita, makasitomala apita, pomwe ana awo akadali ku sekondale. Anaimirira n'kukweza malaya, chipsera chonse poyera.

"Madamu, mowa sindiudziwa kukoma kwake. Ndi tiyi uja. Adokotala anandiletsa kalekale, koma ndinkaopa kukukanirani. Kuyambira lero sindimwanso. Mundione sabata ino. Ndikagwa, ndichoka ndekha osadikira mwezi."

Mayi Laxmi anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge.

"Ndiye wokugwetsani masiku onsewa ndinali ine?"

"Ayi, madamu. Womwa ndinali ine."

Anakhala pansi, natola diresi lija, kulisasa fumbi, n'kuyamba kuponda makina. Ukwati unali Loweruka, ndipo mkono umodzi unali usanalumikizidwe.